Tiwo Akufuna Kukachotsa Mafuta

Mtendere, Lusaka
9 Okutobala 2025

Okondedwa achimwene a Moven,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kumeneko ku Mkanda. Bondo lija munkadandaula nthawi yokolola linasiya kutupa? Musamalinyoze, mupite nalo kuchipatala. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiwo sukukhala pansi.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nyumba ino khoma lake n'limodzi ndi la anzathu, ukatsokomola amakuyankha kuti pepani. Komanso nkhaniyi sindingathe kuiyamba pakamwa. Kalatayi ndapatsira mayi Safia, anzanga a pamsika amene amabwera ku Mchinji kudzagula mtedza. Mukhululuke zilembo, mukudziwa kuti sukulu ndinalekera Sitandade 4.

Kuno kwatentha zedi. Magetsi amabwera pamene afunira, madzi pampopi timawadikira m'mawa ndi zigubu pamzere. Malonda anga a kaunjika, kuno amati salaula, akuyenda pang'onopang'ono. Belo la mwezi watha linatuluka majuzi okhaokha, ndiye ndani angagule juzi mu Okutobala? Denga la kuchipinda lili ndi pobooka patatu, ndikuopa mvula ikayamba. Koma zimenezi si zimene ndalembera.

Nkhani ndi ya mwana wanga Tiwo. Tsopano ali ndi zaka 26, ntchito akugwirabe ija ya m'sitolo ya mafoni m'tauni. Thupi lake mukulidziwa, ndipo chimuonereni pa maliro a mayi waonjezeranso. Ine ndinkaona ngati ndi mwayi. Pa belo lililonse ndinkayamba ndasankha madiresi aakulu abwino n'kumusungira, osadziwa kuti mwini wake akawavala amalira.

Mu Ogasiti mnzake wina wa kutchalitchi ankakwatiwa, ndipo anasankha Tiwo kuti akhale pa mzere wa atsikana ovina kutsogolo kwa mkwatibwi. Kuno chimenechi n'chinthu chachikulu. Anayeserera milungu isanu. Ankabwera thukuta lili kamukamu koma akuseka, n'kumandionetsa masitepe pakhomo. Tsiku loyeza madiresi telala anamuzunguliza tepi, n'kutchula nambala mokweza kuti wolemba amve, kenaka anati nsalu ya Tiwo yekha ikwana atsikana awiri, potsala n'kusokapo duku. Onse anaseka. Akuti iyenso anaseka. Patapita masiku awiri mayi wophunzitsa kuvina anamuimbira kuti mzere sukuoneka bwino pa vidiyo, bola iye akathandize kulandira alendo pakhomo. Ku ukwatiko sanapite.

Sabata yomweyo anandionetsa zithunzi pa foni. Mbali ina mkazi wonenepa, mbali ina yemweyo chiuno ngati mavu. Anati kuli opaleshoni, iwo amati laipo, amaboola khungu pang'ono, n'kulowetsa kapaipi kopopa mafuta. Anati wakhala akusunga ndalama zake zaka ziwiri osandiuza. Ndinamufunsa kuti nanga mafuta a munthuwo akawachotsa amapita nawo kuti. Anandiseka kuti ba mami inu chilichonse mumathamangira ku ufiti. Ndinati chabwino, koma kulikonse kumene upite ndipita nawe ndikamve ndekha.

Tinapita ku chipatala china cholipira cha kumayadi. Adokotala anali mayi wachikulire ndithu, ndipo ataona kuti Chingerezi chikundidutsa anasintha n'kuyamba Chinyanja. Anamukweza pa sikelo, anamuyeza msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi, anamutenga magazi, n'kuti tibwerenso pakatha masiku atatu.

Titabwerera anatikhazika pansi. Anauza Tiwo kuti atsine mimba yake ndi zala. Anati mafuta amene alowa pakati pa zalazo ndi amene paipi imafika. Koma ambiri a Tiwo ali mkati, kuzungulira matumbo, kumene paipi siyenera kufika. Anati opaleshoni imeneyi si yochepetsera thupi ayi. Ndi ya munthu amene thupi lake lili kale pafupi ndi mlingo wake, wopanda matenda, wakhungu lolimba lotha kubwerera m'malo, koma pali malo amodzi, kaya m'chiuno kaya pantchafu, pamene mafuta akana kuchoka ngakhale ayesetse bwanji. Anati ngakhale woteroyo samuchotsa ambiri tsiku limodzi, ndipo akakwera pa sikelo imangosuntha pang'ono.

Kenaka anatsegula pepala la magazi. Anati Tiwo magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo shuga wayamba. Anati munthu wa shuga chilonda chimachedwa kupola ndipo sichichedwa kuola, komanso munthu wathupi ngati lake akagona pa opaleshoni magazi angathe kuundana m'mitsempha n'kupita ku mapapo. Ananena poyera kuti iye sangamukhudze. Anati ayambe mankhwala, asinthe kadyedwe, aziyenda, abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, akaonane ngati zinthu zasintha. Tiwo anati ndalama ali nazo. Adokotala anati mwana wanga, ndalama zako ndaziona, koma ine ndikuwerenga magazi ako.

Anafunsanso ngati Tiwo anamwapo mankhwala ena alionse kwa nthawi yaitali, ngakhale kale ali mwana. Tiwo anati ayi, n'kundiyang'ana ine kuti ndivomereze. Ine ndinavomereza. Achimwene, ndinanama. Za bodza limenelo ndikuuzani, koma ndiyambe ndamaliza za tsikulo.

Mu minibasi pobwerera ndinalakwitsa. Ndinapuma mpweya waukulu n'kuti Mulungu ngwabwino. Ndinkatanthauza kuti shuga wapezeka msanga. Iye anamva ngati ndikukondwera kuti amukana.  Titalowa m'nyumba anati ine sindidziwa mmene zimapwetekera kondakitala akamakuwa kuti sisi mulipire mipando iwiri, anthu onse n'kumaseka. Anati ine ndimafuna akhale choncho kuti asapeze mwamuna, azingokhala nane mpaka ndife. Ndinati mwana wanga kwathu mkazi wathupi ndiye mkazi. Anati kuno si kwanu. Mawa lake ndili ku msika anatenga chikwama chake n'kupita ku Kalingalinga, kwa mnzake wa kuntchito dzina lake Mwewa. Lero ndi tsiku la 23.

Kalingalinga si kutali, munthu ungathe kuyenda wapansi. Koma ine ndikuona ngati wapita ku Joni. Zaka makumi atatu ndakhala m'Lusaka muno, ndipo wachibale wanga kuno ndi mwana ameneyu basi. Chimwalirireni bambo ake sitinagonepo m'nyumba zosiyana. Ndikaweruka ku msika ndimapeza loko ali mmene ndinamusiyira. Ndimapezeka ndagula ndiwo za anthu awiri. Lamulungu ndimapita ndekha kutchalitchi, amayi akafunsa ndimati ali pa ntchito. Anzathu a khoma limodzi ndi Abemba, anthu abwino, koma akayamba kuseka m'chinenero chawo ine ndimangomvera ngati wailesi.

Sabata yatha ananditumizira mawu pa foni. Ndinasangalala nditaona dzina lake. Koma nkhani yake inali yakuti wapeza munthu wina wosavuta. Anamupeza pa foni pomwepo. Akuti ndi dokotala, amagwirira ntchito m'nyumba ina ya mpanda wautali, ndipo atsikana ambiri anapitako. Ndinafunsa ngati ameneyo anamuyeza magazi. Anati ayi, anangoitanitsa chithunzi cha mimba, n'kuyankha kuti iyi ndi ntchito yaing'ono. Ndinafunsa ngati wamuuza za shuga. Anati sanafunse. Tsiku apangana Loweruka pa 25 mwezi uno, chifukwa Lachisanu ndi holide ya ufulu, ndiye akuti Lachiwiri adzakhala atabwerera pa ntchito. Amuuza kuti abwere ndi munthu wodzamutenga tsiku lomwelo chifukwa kumeneko sagoneka. Mwewa wakana, akuti akuopa. Ndiye Tiwo anati ngati ndine mayi ake, ndimuperekeze.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinabisa zaka zonsezi osauza munthu, ngakhale mayi mpaka kumwalira kwawo.

Mukukumbuka mmene a Benard, bambo ake a Tiwo, anamwalirira mu 2006, ataonda ndi chifuwa chija. Inu munabwera, munawaona. Masiku amenewo munthu akamwalira ataonda, anthu sankafunsa kuti wadwala chiyani, ankadziwa kale m'mitima mwawo. Ine ndi mwana tinakayezetsa kawiri, anatipeza tilibe kachilombo. Koma pepala sungaliyende nalo pamphumi. Anthu amaona thupi. Ndipo Tiwo pa zaka zisanu ndi ziwiri anali kamwana kowonda, miyendo ngati bango, chakudya kungotola pang'ono n'kusiya.

Tsiku lina ndinamupeza wakhala yekha pa njerwa kuseri kwa nyumba, ana anzake akudyera mbale imodzi pakhonde la anzathu. Ndinamufunsa, anati amake a uje amupatsa kambale kake payekha, n'kumuuza kuti akamaliza asakasakanize ndi zinazo. Sanamvetse. Anandifunsa ngati ndi chifukwa choti iye ndi mlendo wolemekezeka.

Mawa lake ndinapita kwa mayi wina amene ankagulitsa mankhwala pa tebulo pamsika. Anandipatsa timapiritsi ta mitundu iwiri m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina. Anati ena ndi otsegula chilakolako cha chakudya, ena ndi odzaza thupi, amayi ambiri akugula. Ndinkaphwanya n'kuthira m'phala. Mwezi usanathe masaya anatuluka. Anayamba kudya mbale ziwiri. Amake a uje omwewo anayamba kundiyamikira kuti mwana akuoneka bwino, ana anayamba kumuitananso. Ine ndinaona ngati ndamupulumutsa. Ndikasiya mwezi umodzi, n'kuona ngati kolala ya yunifolomu yayamba kumasuka, mantha ankandigwira, n'kukagulanso. Ndinachita zimenezi mosiyasiya zaka zinayi. Ndinaleka mayi uja atasamuka. Koma chizolowezi chomuumiriza kuti amalize mbale sindinaleke. Ngakhale atakula, akasiya chakudya ine ndinkakhumudwa mpaka adye.

Lolemba ndinabwerera ndekha ku chipatala chija. Adokotala sindinawapeze, koma namwino wina anandimvera titaima pakhonde. Ndinamuuza zonse. Sanandikalipire. Anati palibe angadziwe tsopano kuti mapiritsiwo anali chiyani, kapena kuti thupi la Tiwo lachokera kumeneko kapena ku mtundu, koma mankhwala ena amene amagulitsidwa motero ndi amphamvu, si opatsa mwana popanda dokotala. Anati chofunika n'chakuti mwini thupi adziwe, kuti dokotala aliyense womuona azimuuza zoona. Nditamuuza za nyumba ya mpanda ija anagwira pakamwa. Anati munthu amene angadule mnzake osamuyeza magazi, mayi, musamupatse mwana wanu.

Lachiwiri ndinatseka benchi masana n'kupita m'tauni. Ndinadikira kunja kwa sitolo mpaka nthawi yake yopuma. Atandiona anayang'ana uku ndi uku ngati wachita manyazi ndi chitenje changa, koma anabwera. Tinaima pambali pa ogulitsa nthochi. Ndinamuuza za kambale kaja, za mapiritsi, za bodza langa kwa adokotala. Ndinkaganiza kuti akamva adzaopa, adzati thupi langa lili ndi zambiri zosadziwika, ndibwerere kwa adokotala enieni.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati kambale kaja akukakumbukira, kanali kobiriwira. Misozi inatsika koma sanaipukute. Anati zaka zonsezi ankadzida, ankaganiza kuti ndi wadyera, ankapemphera kuti Mulungu amuchotsere njala. Ndipo anayankhula m'Chinyanja chawo cha kuno, mawu amene akundilirabe m'makutu, kuti ndimwe munaikamo, manje nilekeni nichosemo. Anabwerera m'sitolo. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndikugula.

Ndiye mukuona, achimwene. Ndinapita kukazimitsa moto, ndathirapo palafini. Mawu anga kwa mwana ameneyu atha mphamvu, ndipo ndawathetsa ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire foni. Nambala ndalemba kuseri kwa pepalali, ndipo mayi Safia akupatsani ndalama ya mayunitsi. Muimbe Lamulungu masana, ndi tsiku limene sagwira ntchito. Inu ndinu amalume ake, ndinu mwini mbumba, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Tiwo amakumverani. Mpaka lero amanena za chaka chimene tinabwera pa holide, inu n'kumuphunzitsa kupalasa njinga pa bwalo la sukulu. Amati ndinu nokha amene simunanenepo kanthu za thupi lake, kaya kuyamikira kaya kuseka.

Chonde musamukalipire. Musamuuze kuti kunenepa ndi kukongola, wamva zimenezo kwa ine mpaka zamukwana. Musamuuzenso kuti akuchimwira Mulungu, abusa akanatha kunena zimenezo ndipo n'chifukwa chake sindinawauze. Musandiikire kumbuyo. Akanena kuti ndinalakwa, muvomere, chifukwa ndinalakwadi. Mungomupempha kuti adikire miyezi isanu ndi umodzi imene adokotala aja ananena, ayambe mankhwala a shuga, abwerere komweko ndi nkhani yonse ya mapiritsi. Mumuuze kuti tsiku limene adokotala oyeza magazi adzati tsopano ukuyenera, ife a kwawo sitidzamuletsa, ndipo ine ndidzamusamalira mpaka apole. Ngati sakufuna kukhala nane m'nyumba, akhale kwa Mwewa, ndipirira. Ndikhale ndekha iye ali moyo.

Mwina mufunsa kuti nanga akakana. Ndaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Ndinaganiza zopita ku polisi, koma nyumbayo sindikuidziwa, akuti malo adzauzidwa m'mawa wa tsikulo. Ndinaganiza zokana kumuperekeza, koma ndikumudziwa, adzalipira wa takisi n'kupita yekha. Ndiye dzulo ndamutumizira mawu kuti ndidzabwera. Ndidzatenga pepala lake la magazi, ndili nalo, anaiwala m'kabati. Ndikadzafika ndidzalipereka m'manja mwa munthuyo, n'kunena mokweza pamaso pa aliyense ali pamenepo kuti mwana uyu ali ndi shuga ndipo adokotala anamukana. Mwina adzaopa n'kutibweza. Tiwo akadzandida chifukwa cha zimenezo, adzandide. Koma munthuyo akadzangoseka n'kumulowetsa, ine ndidzakhala pakhomo pomwepo. Mwana wanga sangadulidwe popanda wake pafupi.

Kwathu munthu akadwala timatumiza mawu kwa mwini mbumba matenda asanakule, kuti pasadzakhale wonena kuti sanauzidwe. Tiwo lero akuyenda, akugwira ntchito, sanagone pa mphasa. Koma ine ndakuuzani. Masiku atsala 16, ndipo mayi Safia akuti afika kumeneko Loweruka likubwerali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chawo ndikutumiza ulendo wina, ulendo uno mutu sunagwire. Moni kwa azakhali, kwa achemwali ndi ana awo, ndi kwa adzukulu anu onse. Nkhani ya mapiritsi ikhale ya inu ndi alamu. Mukayankhula naye, kaya wavomera kaya wakana, mungondiliza foni kamodzi n'kudula, ine ndidzaimba. Ndidzatuluka kupita ku msewu kumene khoma kulibe.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,

Elube, amake Tiwo